Ndowa ili pamutu, njinga ili pamsewu: kuphunzitsa za mphamvu zolingana ndi zosalingana m'Chinyanja

Mawu oyamba

Tsiku lina ndinakhala kumbuyo kwa kalasi pa sukulu ina ya m'boma la Mandimba, ndikuonerera mphunzitsi wophunzira ntchito akuphunzitsa za mphamvu. Anali atakonzekera bwino. Analemba pa bolodi tanthauzo la força resultante m'Chipwitikizi, ana analibwereza katatu mokweza, nalikopera m'makope mwawo. Nthawi itatsala pang'ono kutha, ndinapempha kuti ndifunse funso limodzi m'Chinyanja. Ndinaika njerwa patebulo n'kufunsa kuti: "Kodi pali mphamvu iliyonse imene ikugwira ntchito pa njerwayi?" Kalasi yonse inayankha pamodzi kuti palibe. Nditafunsa chifukwa chake, mtsikana wina anaimirira nati: "Aphunzitsi, njerwayo yangokhala. Pakanakhala mphamvu bwenzi ikuyenda."

Mtsikanayo sanali wofooka pamaphunziro. Anayankha mwanzeru, motsatira zimene maso ake akhala akuona chibadwire. Tanthauzo la m'Chipwitikizi linali m'kope mwake, lolembedwa bwino, koma linali lisanakumane ndi maganizo amene iye anabwera nawo kuchokera kunyumba. Funsolo likanafunsidwa m'Chipwitikizi, akanatiwerengera tanthauzo lija molondola, ife n'kumupatsa malikisi, n'kupita kwathu tikuganiza kuti taphunzitsa.

Apa ndi pamene pali phindu la chinenero chimene mwana anayamwira: chimatulutsa poyera zimene mwanayo akuganizadi. Dziko lathu linayesa maphunziro a zinenero ziwiri kuyambira mu 1993 mpaka mu 1997 kudzera mu ntchito yotchedwa PEBIMO, imene inagwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira mu 2003 maphunzirowa anayamba kulowa m'masukulu a boma. Komabe kungolankhula Chinyanja m'kalasi sikokwanira. Mphunzitsi ayenera kuyamba waimvetsa sayansiyo iye mwini, kenako n'kusankha mawu mosamala, chifukwa liwu lakuti "mphamvu" lingathe kumuthandiza ndiponso lingathe kumusokeretsa.

Zolinga

Mukamaliza kuwerenga ndi kuchita ntchito za m'phunziro lino, muyenera kutha:

1. kufotokoza m'Chinyanja chomveka kusiyana kwa mphamvu zolingana ndi mphamvu zosalingana;
2. kupeza mphamvu yotsala pa chinthu chimene chikukankhidwa kapena kukokedwa mumzere umodzi;
3. kuzindikira maganizo awiri olakwika amene ana ambiri amabwera nawo pankhaniyi;
4. kukonza phunziro limene likuyambira m'Chinyanja n'kukathera pa mawu a sayansi a m'Chipwitikizi.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa

M'phunziro lino, mphamvu ndi kukankha kapena kukoka kumene chinthu china chimachita pa chinzake. Choncho mphamvu iliyonse ili ndi wochita ndi wochitiridwa. Ilinso ndi kukula kwake ndiponso mbali imene ikulowera. N'chifukwa chake timaijambula ngati muvi: kutalika kwa muvi kumasonyeza kukula kwa mphamvu, ndipo nsonga yake imaloza kumene mphamvuyo ikulowera. Muyeso wake ndi nyutoni, ndipo chizindikiro chake ndi N. Dziko limakokera pansi chinthu cholemera kilogalamu imodzi ndi mphamvu ya 9,8 N. Kwa ana a pulayimale tinganene kuti pafupifupi 10 N.

Tiyambe ndi mayi amene akuchokera kumjigo atasenza ndowa ya malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero, tikapanda kuwerengera ndowa yeniyeniyo, dziko likukokera madziwo pansi ndi mphamvu ya 200 N. Nanga bwanji ndowa sikugwa? Chifukwa mutu wa mayiyo, kudzera pa nkhata, ukuikankhira m'mwamba ndi mphamvu ya 200 N. Mphamvu ziwirizi n'zofanana kukula, zikulowera mbali zotsutsana, ndipo zonse zikugwira pa chinthu chimodzi, ndiye ndowa. Zinthu zitatuzi zikakwanira timati mphamvuzo n'zolingana. Mphamvu zilipo ndithu, ndipo khosi la mayiyo lingachitire umboni, koma zafafanizana. N'chimodzimodzi ndi njerwa ija: dziko likuikokera pansi, tebulo likuikankhira m'mwamba.

Kawirikawiri pa chinthu chimodzi pamagwira mphamvu zingapo nthawi imodzi. Kuti tidziwe chimene chichitike, timaphatikiza mphamvu zolowera mbali imodzi, n'kuchotserapo zolowera mbali yotsutsana nayo. Zimene zatuluka ndi mphamvu yotsala. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo masamu akugwirizana nawo. Tiyerekeze kuti denga la nkhokwe lamangidwa pansi, ndipo dziko likulikoka ndi mphamvu ya 600 N. Anthu atatu akulitukula, aliyense ndi mphamvu ya 150 N, pamodzi 450 N. Denga silidzuka, pakuti 150 N yoperewerayo ikuchirikizidwabe ndi nthaka. Akabwera anthu ena awiri, mphamvu yokweza imafika 750 N. Tikachotsa 600 N pa 750 N, patsala 150 N yolowera m'mwamba, ndipo denga layamba kukwera. Apa mphamvu n'zosalingana. Akaligwira chilili pamapewa, mphamvu zalingananso: anthu asanu aja akugawana 600 N, aliyense 120 N ngati agawana mofanana.

Tsopano tifike pamene pamavuta, osati kwa ana okha komanso kwa aphunzitsi ambiri. Taganizirani wakabaza amene wanyamula munthu kuchoka ku Mandimba kulowera kumalire a ku Chiponde. Wafika pamalo athyathyathya ndi owongoka, ndipo akuyenda pa liwiro limodzimodzi, osawonjezera, osachepetsa. Kodi mphamvu zogwira pa njingayo n'zolingana kapena n'zosalingana? Ambiri amati n'zosalingana, chifukwa njinga ikuyenda. Koma yankho lolondola n'lakuti n'zolingana. Kupalasa kukuchititsa kuti njinga ikankhidwire kutsogolo, tinene ndi 30 N. Mphepo ndi kukhulana kwa matayala ndi zitsulo zikuibweza m'mbuyo ndi 30 N yomweyo. Mphamvu yotsala ndi 0 N, ndipo liwiro silisintha. Wakabaza akapalasa kwambiri mpaka yakutsogolo kufika 45 N, patsala 15 N yakutsogolo, ndipo njinga iyamba kuthamangirapo. Akasiya kupalasa, yakutsogolo yachoka, yobweza m'mbuyo yatsala yokha, ndipo njinga iyamba kuchepetsa liwiro mpaka kuima.

Mfundo yaikulu ya phunziro lonse ndi imeneyi: mphamvu yotsala siichititsa kuyenda, imachititsa kusintha kwa kayendedwe. Pamene mphamvu zili zolingana, chinthu choima chimaimabe, ndipo choyenda chimayendabe pa liwiro lomwelo mumzere wowongoka. Pamene zili zosalingana, chinthu chimayamba kuyenda, kapena kuwonjezera liwiro, kapena kuchepetsa liwiro, kapena kukhota.

Kukula kwa kusinthako kumadalira zinthu ziwiri: kukula kwa mphamvu yotsala, ndi kuchuluka kwa katundu amene akukankhidwa. Mphamvu yotsala yofanana imathamangitsa msanga wilibala yopanda kanthu, koma imachedwa kuthamangitsa wilibala yodzaza mchenga, ndipo imachedwanso kuiimitsa. Nyutoni imodzi ndi mphamvu yotsala imene imawonjezera liwiro la chinthu cha kilogalamu imodzi ndi mita imodzi pa sekondi, sekondi iliyonse.

Maganizo awiri amene ana amabwera nawo

Oyamba ndi aja a mtsikana wa ku Mandimba: chinthu chikaima ndiye kuti palibe mphamvu. Achiwiri ndi mphasa yake: chinthu chikamayenda ndiye kuti muli mphamvu imene ikuchiyendetsa, ndipo chimaima mphamvuyo ikatha. Mwana akamenya mpira n'kugubuduzika pabwalo mpaka kuima, amati mpira watha mphamvu.

Musawaseke ana chifukwa cha maganizo amenewa, ndipo musaganize kuti amachokera ku umbuli wa kumudzi. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anakhalako kuyambira mu 384 mpaka mu 322 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti chinthu chokankhidwa chimayenda pokhapokha ngati pali chochikankhabe, ndipo anthu ophunzira anatsatira maganizo amenewa kwa zaka mazana ambiri. Galileo Galilei wa ku Italy, amene anamwalira mu 1642, anagubuduza timipira pa matabwa opendekeka n'kuona kuti njira ikakhala yosalala kwambiri, kampira kamapita patali kwambiri. Anaganiza tsono kuti pakanapanda choletsa chilichonse, sikakanaima n'komwe. Isaac Newton wa ku England ndiye anaikhazikitsa mfundoyi kukhala lamulo loyamba la kayendedwe ka zinthu m'buku lake lotchedwa Principia, limene linatuluka mu 1687. Ngati anthu anzeru anatenga nthawi yaitali chotere, mwana wa zaka 11 sangasinthe maganizo ake chifukwa chobwereza chiganizo katatu.

Chimene chimabisa choonadi ndi kukhulana. Chilichonse chimene mwana anachionapo chikuyenda pansi pano chimakhulana ndi nthaka, ndi madzi kapena ndi mpweya, ndipo kukhulanako sikuoneka ndi maso. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuchititsa kuti mphamvu yobisikayi ioneke. Mpira suima chifukwa chakuti china chake chatha m'kati mwake. Umaima chifukwa udzu ndi dothi zikuukankhira m'mbuyo, ndipo palibe chimene chikuukankhira kutsogolo kuchokera pamene unasiyana ndi phazi.

Liwu limodzi, matanthauzo ambiri

Tamverani mmene timalankhulira tsiku ndi tsiku. Nsima imapatsa mphamvu. Batire yatha mphamvu. Mfumu ili ndi mphamvu. Mankhwala awa ndi amphamvu. Wodwala alibe mphamvu. M'ziganizo zonsezi mphamvu ndi chinthu chimene munthu kapena chinthu chimakhala nacho m'kati, chimene chimasungidwa ndipo chimatha. Mwana wolankhula Chiyao wa ku Ngauma amagwiritsa ntchito liwu lakuti machili mofananamo, ndipo wolankhula Chimakhuwa wa ku Cuamba ali ndi liwu lakuti ikuru. Koma mphamvu ya m'phunziro lino siisungidwa m'chinthu. Imakhalapo pamene chinthu china chikukankha kapena kukoka chinzake, ndipo kukankhako kukasiya, mphamvuyo palibenso. Chimene chimasungidwa m'batire kapena m'chakudya sayansi imachitchula ndi liwu lina, m'Chipwitikizi energia, pamene kukankha ndi kukoka imati força. Ife tonse tawiri timatitchula mphamvu.

Ena amaona zimenezi n'kunena kuti Chinyanja n'chosauka, sichingaphunzitse sayansi. Iwowa amaiwala kuti Chipwitikizi cha pamsika chilinso ndi vuto lomwelo. Munthu wotopa amati alibe força, ndipo ochemerera mpira amakuwa liwu lomwelo polimbikitsa osewera. Liwulo linakhala la sayansi chifukwa anthu analipatsa malire, nagwirizana kuti m'phunziro lakuti lidzatanthauza chakuti chokha. Ifenso tingathe kuliikira malire liwu lathu.

Ndipotu Chinyanja chili ndi chuma chimene tiyenera kuchigwiritsa ntchito, ndicho aneni. Tili ndi kukankha, kukoka, kuguza, kutukula, kunyamula, kusenza, kupsinja, kuchirikiza, kutsamira, kukhula. Mneni aliyense mwa amenewa amafuna wochita ndi wochitiridwa. Mwana akati "mzati ukulichirikiza", m'liwu limodzi lomwelo muli kale u woimira mzati ndi li woimira denga. Galamala ya chinenero chake ikumukakamiza kunena chimene sayansi ikufuna kuti anene: n'chiyani chikukankha chiyani. Choncho ndikulangizani kutsatira malamulo atatu awa m'kalasi.

Loyamba: yambani ndi mneni, dzina libwere pambuyo. Ana anene kaye kuti "chingwe chikukoka chidebe", kenako muwauze kuti kukoka kumeneko ndiko tikutcha mphamvu.

Lachiwiri: m'phunziro lino liwu lakuti mphamvu lisamayende lokha. Aliyense wolitchula, kuphatikizapo inu, ayankhe mafunso atatu: ya chiyani, pa chiyani, yolowera kuti? "Mphamvu ya dziko pa ndowa, yolowera pansi." Mwana amene wanena kuti mpira wogubuduzika uli ndi mphamvu yakutsogolo, mufunseni mofatsa kuti n'chiyani chikuukankha panopa. Akasowa chotchula, wayamba kuona yekha.

Lachitatu: pewani kunena kuti chinthu "chili ndi mphamvu" kapena "chatha mphamvu" pa nthawi ya phunziroli. Auzeni ana mosabisa kuti mawu amenewa si olakwika kunyumba, koma m'phunziro la sayansi tagwirizana kulankhula mwa njira ina.

Mawu akuti "zolingana" ndi "yotsala" nawonso ali ndi mbuna zake. Anyamata awiri akamakankha galimoto yozima, aliyense ndi 200 N, mphamvu zawo n'zofanana koma si zolingana m'tanthauzo lathu, chifukwa zikulowera mbali imodzi ndipo zikuphatikizana kukhala 400 N. Ndiponso liwu lakuti "yotsala" lingapangitse mwana kuganiza kuti nthawi zonse timachotsera. Choncho perekani zitsanzo za mitundu yonse iwiri kuyambira tsiku loyamba. Mukapeza kuti m'dera lanu muli liwu lina lomveka bwino, kambiranani ndi aphunzitsi anzanu, mugwirizane, kuti mwana asamve liwu lina m'kalasi ino ndi lina m'kalasi yotsatira.

Chenjezo lina likukhudza aneni okhala ndi -ana, monga kukokana ndi kukankhana. Aneniwa amanena zoona: ndowa ikupsinja mutu, mutu ukukankha ndowa, ndipo mphamvu ziwirizi n'zofanana nthawi zonse. Koma sizingafafanizane, chifukwa ina ikugwira pa mutu, ina pa ndowa. Pofufuza ngati mphamvu zili zolingana, sankhani chinthu chimodzi, muchizunguze ndi choko pa bolodi, ndipo muwerenge mphamvu zogwira pa icho chokha.

Chitsanzo cha phunziro la mphindi 90

Zipangizo: chingwe cholimba, kansalu, njerwa, kamtengo kopyapyala kapena rula, mpira, malamba a mphira odulidwa kuchubu chakale cha njinga, ndi galimoto yamawaya kapena kangolo kalikonse koyenda bwino. Palibe chimodzi mwa izi chofuna ndalama zambiri.

Gawo loyamba, mphindi 15, m'Chinyanja. Ikani njerwa patebulo n'kufunsa funso lija. Lembani mayankho onse pa bolodi osanena kuti ili n'lolondola kapena ayi. Kenako itanani mwana agwire njerwayo pachikhato atatambasula mkono. Pakapita kanthawi mufunseni chimene dzanja lake likuchita. Adzati likuinyamula, likuikankhira m'mwamba. Tsopano goneketsani kamtengo kopyapyala pakati pa matebulo awiri n'kuikapo njerwa. Kamtengo kadzapindika pang'ono. Funsani: nanga kamtengoka kakuchita chiyani? Nanga tebulo? Kuchoka pa dzanja kupita pa kamtengo, kuchoka pa kamtengo kupita pa tebulo, mwana amafika povomereza kuti chinthu chopanda moyo chingathe kukankha.

Gawo lachiwiri, mphindi 20, panja. Mangani kansalu pakati pa chingwe, mulembe mzere pansi, ndipo magulu awiri akokane. Kansalu kakaima malo amodzi, funsani oonerera ngati pali mphamvu. Apa palibe adzakane, chifukwa thukuta likuoneka. Onjezerani mwana mmodzi mbali ina, ana aone kansalu kakuyamba kusuntha. Jambulani mivi pamchenga: 300 N ndi 300 N, kenako 300 N ndi 350 N. Ana apeze okha 50 N ndi kumene ikulowera. Sankhani malo opanda miyala, ndipo mwana asakulunge chingwe padzanja.

Gawo lachitatu, mphindi 15. Gubuduzani mpira kuchokera pa thabwa lopendekeka, kuyambira pamalo amodzimodzi nthawi zonse: koyamba upite pamchenga, kachiwiri pabwalo losesedwa, kachitatu pasimenti ya pakhonde. Ana ayeze mtunda ndi mapazi. Funsani chifukwa chake mpira womwewo, woyamba mofanana, waima malo osiyana. Kenako funsani funso la Galileo: pakanakhala malo osalala kuposa simenti, osalala kotheratu, ndiponso opanda mpweya, mpirawo ukanaima pati?

Gawo lachinayi, mphindi 15. Mangani lamba wa mphira kutsogolo kwa galimoto yamawaya imene mwaikamo mwala. Lamba akatamuka kwambiri ndiye kuti kukoka n'kwakukulu. Uzani mwana aikoke pasimenti pa liwiro limodzi. Lamba adzatamuka pang'ono chabe, mongokwanira kulingana ndi kukhulana. Kenako muuzeni amutamule kuposa pamenepo, ndipo asalole kuti afupikenso. Mwanayo adzapezeka akufulumira, akufulumirabe, mpaka kuthamanga. Apa thupi lake lomwe lamuuza kuti mphamvu yotsala imene siikusintha imabala liwiro lomangokulirakulira, osati liwiro lokhazikika.

Gawo lachisanu, mphindi 15, mlatho wopita ku Chipwitikizi. Bwererani ku mayankho a pa bolodi aja, ana akonze okha. Pamenepo, osati poyamba, lembani mizati iwiri ya mawu: mphamvu yokankha kapena yokoka ndi força; mphamvu zolingana ndi forças equilibradas; mphamvu zosalingana ndi forças não equilibradas; mphamvu yotsala ndi força resultante; kukhulana ndi atrito; mphamvu ya dziko yokokera chinthu pansi ndi peso. Mwana aliyense anene chiganizo chimodzi m'Chinyanja n'kuchinenanso m'Chipwitikizi. Ngati m'kalasi muli olankhula Chiyao kapena Chimakhuwa, apatseni mpata anene aneni a kukankha ndi kukoka m'zinenero zawo, muwonjezere mzati wachitatu.

Gawo lomaliza, mphindi 10. Perekani funso limene silinachitike m'kalasi, monga ili: bwato la msodzi likuyandama phee pa nyanja ya Amaramba, jambulani mivi. Yankho: dziko likulikokera pansi, madzi akulikankhira m'mwamba mofanana. Akawonjezera matumba, bwato limalowa pang'ono m'madzi mpaka kukankha kwa madzi kulinganenso ndi kulemerako. Katundu akapitirira malire, madzi amalowa m'bwato lisanapeze kulinganako, ndipo limamira.

Phunziro limene limapitirira mayeso

Ana ambiri a kum'mwera kwa Niassa amakhala pafupi ndi njanji. Sitima zonyamula malasha kuchokera ku Moatize zimadutsa m'Malawi, n'kulowanso m'dziko lathu pa Entre Lagos, n'kudzera pa Cuamba polowera kudoko la Nacala. Njanji ina imachoka pa Cuamba kudzera pa Mitande kukafika ku Lichinga. Mwana amene amakhulupirira kuti chinthu chimaima mphamvu yake ikatha amaganiza kuti woyendetsa sitima akazimitsa injini kapena akagwira mabuleki, sitima iima pomwepo. Mwana amene wamvetsa phunziro lino amadziwa kuti choyenda chimayendabe mpaka mphamvu yotsala yolowera m'mbuyo itachotsa liwiro lake lonse. Kuti magudumu achitsulo pa njanji yachitsulo sagwirana kwambiri. Ndiponso kuti katundu wa mabogi ambirimbiri amachedwa kwambiri kuchepetsa liwiro. Amadziwa tsono kuti ngakhale woyendetsa atamuona patali, sangathe kuimitsa sitima pafupi.

N'chimodzimodzi ndi wokwera kumbuyo kwa lole pamsewu wa N13, kapena wotsika ndi njinga yodzaza matumba a chimanga pa zitunda za ku Massangulo. Lole ikaima mwadzidzidzi, palibe chimene chamukankhira munthu kutsogolo. Iye akungopitiriza kuyenda monga ankayendera, chifukwa palibe chomugwira. Njinga yolemera pamtsetse imafuna mabuleki olimba ndi mtunda wautali kuposa njinga yopanda katundu. Kambiranani zimenezi ndi ana m'chinenero chimene akakambire makolo awo madzulo.

Za kayesedwe

Musayese ana pongowafunsa tanthauzo, chifukwa tanthauzo limalowezeka. Apatseni chochitika, ajambule mivi, afotokoze. Mwana amene wajambula bwino n'kufotokoza bwino m'Chinyanja, koma wakakamira pa Chipwitikizi, wamvetsa sayansi; chimene akusowa ndi mawu, ndipo mawu amaphunzitsika msanga. Mwana amene wanena tanthauzo la m'Chipwitikizi mosaphonya, koma wajambula muvi wautali wakutsogolo pa mpira umene ukugubuduzika wokha, sanamvetse, ngakhale kope lake litakhala laudongo. Ana awiriwa akufuna thandizo losiyana, ndipo mphunzitsi wa zinenero ziwiri ndi amene ali ndi njira yowasiyanitsira.

Ntchito ya mphunzitsi wophunzira

1. Ng'ombe ziwiri zikukoka ngolo ndi mphamvu ya 900 N pamodzi, ndipo ngoloyo ikuyenda pa liwiro losasintha pamsewu wathyathyathya. Kodi mphamvu zoibweza m'mbuyo n'zazikulu bwanji? Fotokozani yankho lanu m'Chinyanja monga mungafotokozere mwana wa zaka 11.

2. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lapachikidwa pa sikelo ya pamsika. Tchulani mphamvu zogwira pa thumbalo motsatira mafunso atatu aja, ndipo mupereke kukula kwake.

3. Mwana waponya mwala m'mwamba. Mwalawo wachoka kale m'dzanja ndipo ukukwerabe. Jambulani mphamvu zogwira pa mwalawo. Yerekezani chojambula chanu ndi cha mnzanu. Ngati wina wajambula muvi woloza m'mwamba, atchule chimene chikukankha mwalawo.

4. Lembani ziganizo 10 zimene mwamva kunyumba kapena pamsika zokhala ndi liwu lakuti mphamvu. Zigaweni m'magulu: zonena za kukankha kapena kukoka, zonena za energia, ndi zonena za ulamuliro kapena thanzi.

5. Pa nthawi yanu yoyeserera kuphunzitsa, funsani ana asanu funso la njerwa ndi funso la wakabaza musanaphunzitse, ndipo muwafunsenso patatha mlungu umodzi mutaphunzitsa. Lembani mayankho awo mmene awanenera, osawakonza, m'chinenero chimene ayankhira. Mubwere nawo ku msonkhano wotsatira kuti tidzawawerengere limodzi.